"Ndalama zachepa": mneni wopanda mwini m'kalata ya sukulu kwa makolo ku Chiradzulu

Kalata yomwe ndikufuna tiyione lero inafika kwathu, chakufupi ndi Namitambo, kumayambiriro kwa chaka cha 2024. Inabwera itapindidwa kanayi mkati mwa kope la Biology la mwana wa achemwali anga, yemwe panthawiyo anali Fomu 3 pa sukulu ina ya sekondale yoyendera, zija timangoti ma CDSS. Dzina la sukuluyo ndilisunga. Mlandu womwe ndikuzenga pano si wa sukulu imodzi, komanso aphunzitsi aakulu a pamenepo ndimawalemekeza, ndipo mumva kutsogoloku chifukwa chake.

Kalatayo inali ya tsamba limodzi, yolembedwa m'Chingerezi, chidindo pansi pake. Mwanayu amakhala ndi agogo ake, mayi anga, amene Chingerezi sawerenga. Ndiye monga zimakhalira m'makomo ambiri, wotumidwa ndi kalata ndi amene anakhalanso womasulira. Anaima pakhonde n'kunena kuti, "Agogo, akuti ndalama zachepa, ndiye Chemistry yaima kaye. Akutinso mukupemphedwa kuthandiza, ndipo Loweruka kuli msonkhano."

Agogo sanafunse kuti Chemistry n'chiyani. Anafunsa kuti, "Zachepa bwanji, mwanawe? Wazichepetsa ndani?"

"Sanalembe, agogo."

Madzulo ake anandiimbira foni, poti malume ndine, ndipo kwathu kuno nkhani ya fizi sichedwa kugwera malume. Mwanayo atanditumizira chithunzi cha kalatayo pa WhatsApp ndinaiwerenga ndi mtima wofuna kumugwira kuti wadumpha mizere ina. Ayi ndithu, sanadumphe kanthu. Munali mawu atatu omwe aliyense amene analandirapo kalata ya ofesi amawadziwa: "due to financial constraints", "has been suspended until further notice", ndi "parents are kindly requested to contribute". Zochitika zinalimo, wochita munalibe. Munthu yekhayo amene anatchulidwa m'kalata yonseyo anali kholo, ndipo anatchulidwa pamalo amodzi okha, polipira.

Poyamba ndinkati vuto ndi Chingerezi. Ndinadziuza kuti Loweruka, aphunzitsi aakulu akaimirira n'kuyankhula Chichewa, funso la agogo liyankhika. Apa ndipo ndinalakwitsa, ndipo kuti muone kulakwitsa kwanga tibwerere kaye m'kalasi ya Chichewa.

Ana a sekondale amaphunzira misintho ya aneni, ndipo pakati pa misinthoyo pali iwiri yomwe mayina ake amandisangalatsa. Woyamba ndi msintho wochitidwa poyera, uja wa -idwa kapena -edwa: mbale yaswedwa. Wachiwiri ndi wochitidwa m'chibisira, wa -ika kapena -eka: mbale yasweka. Amene anapeka mayinawa ankachidziwa chiyankhulo. Ukamva kuti mbale yaswedwa, umadziwa kuti pali dzanja lomwe laiswa, ngakhale mwini dzanjalo asatchulidwe. Utha kufunsa kuti "ndi yani?" ndipo funsolo limagwa m'malo mwake. Koma mbale ikasweka, yasweka basi. Mwana aliyense amene anagwetsapo mbale ya mayi ake amaudziwa msinthowu asanalowe n'komwe m'kalasi.

Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango analemba za kusiyana kwa misintho iwiriyi mu 1996 m'magazini ya akatswiri yotchedwa Language, ndipo Sam Mchombo anaikambanso m'buku lake la The Syntax of Chichewa la mu 2004. Mfundo yake mutha kuiyesa nokha pakhomo. Ikani liwu loti "mwadala" kumapeto kwa chiganizo. "Chitseko chatsekedwa mwadala" chikumveka bwinobwino. "Chitseko chatsekeka mwadala" chikukana m'kamwa, chifukwa mulibe munthu woti akhale ndi dala. Msintho wa -idwa umam'bisa wochita kuseri kwa nsalu koma mapazi ake amaoneka. Wa -ika umam'tulutsiratu m'nyumba.

Tsono Loweruka lija ndinakwera minibasi ku Limbe, n'kumalizira pa kabaza. Msonkhano unachitikira m'kalasi, makolo atapanikizana pa madesiki a ana awo. Aphunzitsi aakulu anayamba ndi ulemu wonse: amfumu, apampando a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, amayi, abambo, aliyense pamalo pake. Pa ulemu panalibe chowadzudzula. Atafika pa nkhani yeniyeni ndinatulutsa cholembera, ndipo zomwe ndinalemba ndi izi: "Makolo anga, zinthu zavuta. Ndalama zachepa. Mitengo ya zinthu yakwera. Zipangizo za mu labotale sizikupezeka. Mphunzitsi wathu wa Chemistry anachoka, ndipo kupeza wina pakadali pano sizitheka."

Werengani aneniwo mmodzimmodzi. -Vuta, -chepa ndi -kwera ndi aneni osayambukira, ongonena mmene chinthu chilili. -Pezeka ndi -theka ndi am'chibisira enieni. Pa aneni asanu ndi mmodzi, mmodzi yekha ndiye anali ndi munthu kumbuyo kwake, "anachoka", ndipo ndinamva pambuyo pake kuti mphunzitsiyo sanachoke mwa kufuna kwake, anachita kusamutsidwa. Ndiye kuti pamalo pamodzi pomwe panafunika -idwa, anaikapo mneni woloza munthu wosalakwa. Chingerezi cha m'kalata chija chinali ndi "has been suspended", chomwe n'chofanana ndi "yaimitsidwa": wina waimitsa. Chichewa cha pamsonkhano chinati "yaima", ngati wotchi. Chiyankhulo chathu chinabisa kuposa cha eni ake.

Aneni oterewa ndi amene timanenera zanyengo. Mvula yagwa, dzuwa lakwera, mtsinje wadzaza. Ndipo anthu a ku Chiradzulu sasowa wowaphunzitsa za tsoka lopanda mwini. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, sukulu m'chigawo cha kummwera zinatsekedwa, ndipo zina zinasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Pamenepo mneni wopanda wochita ndi woyenera, chifukwa matope ochokera m'phiri sakhala pansi n'kugwirizana zoti atsike. Koma bajeti anthu amachita kukhalira pansi. Kuika ziwirizi m'dengu limodzi ndi kuuza kholo kuti funso lake lilibe kopita, ngati munthu wofunsa mvula chifukwa chomwe yagwera.

Chitsanzo china tili nacho m'matumba mwathu. Tonse timati "kwacha yagwa". Kwacha sinapunthwe pamwala ayi. Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu yake ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsanso ndi 44 peresenti. Kaya chinali chiganizo chabwino kaya choipa, imeneyo ndi nkhani ya akatswiri a zachuma, koma chinali chiganizo, chokhala ndi tsiku ndi siginecha. Kalata yathu ija inalembedwa patangotha miyezi yochepa chichitikireni zimenezi, ndipo n'zodziwikiratu kuti choko, mapepala ndi makemikolo zinali zitakwera. Kalatayo ikanatha kunena zimenezo m'mzere umodzi. Sinanene.

Apa ndiye pagona chidandaulo changa chachikulu. Mawu oti "ndalama zachepa" amameza zinthu zosachepera zitatu zosiyana kotheratu. Mwina ndalama zomwe sukulu imalandira zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zomwe m'maofesi amazitcha ORT, azidula: chaka chatha zinali zakuti, chaka chino n'zakuti. Mwina nambala ndi yomweyo koma zomwe ingagule zachepa chifukwa kwacha yatha mphamvu. Mwinanso ndalamazo zilipo papepala koma sizinafike, kapena zimafika teremu ili kumapeto. Chichewa chili ndi mneni wa chilichonse mwa zitatuzi: adula, zatha mphamvu, zachedwa. Ndipo kholo limachita zosiyana malinga ndi chomwe lamva. Zikakhala kuti zachedwa, titha kusonkha zongodutsira mwezi uno. Zikakhala kuti adula, nkhaniyo ndi yopita nayo kwa khansala kapena kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo. Koma "zachepa" sakuuza kholo khomo loti likagogode.

Ndipo pali tanthauzo lachinayi lomwe aphunzitsi aakulu sanaliganizire koma makolo analimva. Kumbuyo kwanga kunakhala mayi wina wachitenje chachikasu, ndipo ananong'oneza mnzake mokweza ndithu kuti, "Ndalama sizichepa zokha, asisi. Alipo wadya." Mnzakeyo anati, "Si mwaona njinga yamoto yatsopano ija?"

Taonani zimene m'chibisira amachita. Galamala itha kuchotsa wochita m'chiganizo, koma singam'chotse m'mutu mwa womvera. Mpando ukasiyidwa wopanda munthu, womvera amakhazikapo yekha munthu, ndipo amakhazikapo amene ali pafupi, amene nkhope yake akuiona. Likulu la unduna ku Lilongwe saliona. Ofesi ya chigawo cha zamaphunziro cha Shire Highlands, yomwe imayang'anira sekondale za ku Chiradzulu, Thyolo, Mulanje ndi Phalombe, ambiri sadziwa n'komwe kuti iliko. Amene akumuona ndi ahedi, ndi njinga yawo.

Msonkhano utatha ndinawatsatira ku ofesi. Sindinapite ndi ndewu. Ndinangowafunsa kuti bwanji sanatchule kumene vuto lachokera. Anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Achimwene, ine ndine wantchito. Ndingaime pamaso pa makolo n'kumaloza chala amene anandilemba ntchito? Mawa lomwe ndiitanidwa." Kenaka anatsegula kabati n'kundionetsa buku la ndalama, lolembedwa mwaukhondo, tambala iliyonse pamzere wake. Njinga ija inali ya ngongole. Munthuyu sankabisa kuba. Ankabisa mantha, ndipo chovala chomwe anawaveka manthawo ndi ulemu.

Mantha awo ndikuwamvetsa, koma chovalacho ndikuchikana. Ulemu wa Chichewa sukhala m'kuchotsa wochita. Umakhala mu a- wa "aphunzitsi", mu mu- ndi -ni wa "mwaswera bwanji" ndi "khalani pansi", m'kuyamba ndi malonje nkhani isanayambe, m'kutsitsa mawu. Nkhoswe ikamakamba mlandu wa banja imatchula wolakwa ndi dzina, koma palibe amene amati yachita mwano, chifukwa yadziwa poyambira ndi potsirizira. "Boma latipatsa ndalama zofanana ndi za chaka chatha, koma mitengo yakwera" si kutukwana boma. Ndi chiganizo chokhala ndi mwininkhani, basi.

Pali njira ina yapakati yomwe timaikonda kwambiri, ya "akuti". Mwana uja anayamba nayo pakhonde: akuti ndalama zachepa. A- ameneyu ndi wochenjera, chifukwa ndi yemweyo wa anthu ambiri, ndi yemweyonso wa ulemu, ndiponso ndi wa munthu wosadziwika. "Akuti" atha kukhala ahedi, atha kukhala akuluakulu a ku likulu, atha kukhala mphekesera ya pachigayo. Komabe ine ndimati bola "achepetsa" kusiyana ndi "zachepa". "Achepetsa" akuvomera kuti kwinakwake kuli munthu, ndipo agogo atha kufunsa kuti "ndani?" osaoneka ngati openga.

Tsopano kaliwu kakang'ono kaja, "kaye". M'nkhani yonseyi kameneka ndiko kanatipweteka kwambiri ife pakhomo. "Until further notice" salonjeza kanthu. Amangoti mudzamva tikadzanena. Koma "kaye" amalonjeza. Ukauza mlendo kuti "khalani kaye", ndiye kuti nsima ikubwera. "Dikira kaye", "idya kaye", "taima kaye": nthawi zonse pali chotsatira, ndipo chili pafupi. Mwana anamasulira ndi "kaye" chifukwa Chichewa chilibe njira ina yachidule yonenera mawu aofesiwo, ndipo aphunzitsi aakulu nawonso anati "yaima kaye" pamsonkhano. Agogo anamva kuti ndi za masabata angapo. Inenso, ngakhale ndimadzitcha wodziwa mawu, ndinamva chimodzimodzi. Akanatiuza kuti "chaka chino ndi chamawa musayembekezere Chemistry pasukulu pano", tikanayamba tsiku lomwelo kufunsa za malo ku sukulu ina kapena za mphunzitsi wa Loweruka. "Kaye" anatigoneka tulo materemu awiri.

Makolo a m'dziko muno ali ndi chifukwa chosokonezekera ndi mawu oterewa. Mu 2015 boma linalengeza kuti mayeso a JCE athetsedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kupulumutsa ndalama. Ana analemba komaliza mu 2016. "Kuthetsa" ndi mneni wolemera, wa ukwati ndi wa mlandu, wosayembekezera kubwerera. Koma mu 2021 mayeso aja anabwerera. Ndiye kholo laphunzira kuti chomwe "chathetsedwa" chitha kudzuka patapita zaka zisanu, pomwe chomwe "chaima kaye" chitha kuima mpaka mwana kumaliza sukulu. Mawu awiriwa asinthana malo, ndipo palibe mtanthauziramawu amene angakuchenjezeni.

Nanga "mukupemphedwa kuthandiza"? Choyamba, palibe munthu amene amayankhula chonchi pakhomo. Ukafuna mchere kwa aneba umati "ndikupempheniko mchere", wopempha n'kuonekera, manyazi ake n'kuonekeranso. "Mukupemphedwa" ndi mwana wa "you are requested", wobadwira mu ofesi, ndipo ntchito yake ndi kupempha popanda wina kutsitsa mutu. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, pempho limalola yankho loti ayi. Ngati mwana amene kholo lake silinapereke adzabwezedwa pageti Lolemba, limenelo si pempho. Ndi lamulo, ndipo mneni wake ndi "kulipira". Chichewa chimasiyanitsa bwino kupereka, kusonkha, kuthandiza ndi kulipira. Pamaliro timasonkha, kuchipatala cha mishoni timalipira. Paja "msonkhano" ndi "msonkho" n'zochokera pa tsinde limodzi, ndipo makolo ambiri akamva kuti kusukulu kuli msonkhano amayamba kale kuwerenga za m'thumba.

Kwina kulikonse nkhani ya "kuthandiza" ikanakhala yaing'ono. Ku Chiradzulu si yaing'ono. Kuthangata ndi kuthandiza, monga mmene anthu ankathandizirana kumunda. Koma m'minda ya azungu ya kuno, makamaka ya A. L. Bruce ku Magomero komwe woyang'anira anali William Jervis Livingstone, liwu lomwelo linasanduka dzina la ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Thangata anali chimodzi mwa zinthu zomwe zinautsa John Chilembwe ndi anthu ake ku Mbombwe mu Januwale 1915. J. A. K. Kandawire analemba buku lathunthu mu 1979 lofunsa ngati thangata anali ntchito yokakamiza kapena kuthandizana, ndipo Landeg White anafotokoza mbiri ya Magomero m'buku la mu 1987. Musandimve molakwa, sindikufanizira mphunzitsi wamkulu wosowa choko ndi mzungu wa esiteti. Ndikungoti dera lino linaonapo liwu la chifundo likuvekedwa pa chinthu chokakamiza, mpaka liwulo linaonongeka osakonzekanso. Lero palibe amene anganene kuti "ndikupita ku thangata" akutanthauza zabwino. "Chitukuko" ndi "kuthandiza" akuyenda njira yomweyo m'makalata a sukulu.

Bambo wina pamsonkhano uja anaimirira n'kufunsa kuti ndalama za chitukuko za chaka chatha zinagwira ntchito yanji. Funso labwino, ndipo yankho lake linali m'kabati muja. Koma apampando a komiti anayankha ndi mwambi, uja wa mutu umodzi ndi denga. Anthu anaseka, ena anaomba m'manja, bamboyo anakhala pansi. Mwambi ukagwa, amene akufunsabe malisiti amaoneka ngati akukana kusenza nawo denga. Ndimaikonda miyambi, koma pamalo pomwe pakufunika nambala, mwambi umagwira ntchito ya chitseko.

Liwu lina lomwe limayambanitsa makolo ndi aphunzitsi ndi "ulere". Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ana olembetsa n'kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo chiyambire pamenepo liwuli lakhala la ndale. Mu Sepitembala 2018 a Bright Msaka, omwe anali nduna ya zamaphunziro, analengeza kuti boma lachotsa fizi ya K500 pa teremu m'sekondale za boma, pamodzi ndi General Purpose Fund ndi Textbook Revolving Fund. Ndalama za chitukuko ndi zogonera zinatsala. Kwa wolemba chikalata ku unduna, "tuition fee" ndi mzere umodzi mwa mizere ingapo. Kwa agogo, fizi ndi ndalama iliyonse yomwe ukapanda kupereka mwana abwerera kunyumba. Ndiye wailesi itati fizi yachotsedwa, kenaka ahedi n'kunena kuti "iyi si fizi, ndi chitukuko", kholo linamva ngati munthu akusewera ndi mawu kuti alibere. Onse awiri ankanena zoona m'chiyankhulo chawochawo. Kumbukiraninso kuti ma CDSS anachokera ku malo ophunzirira a MCDE kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo ambiri mwa iwo njerwa zake anaumba ndi makolo omwewo. Mwini njerwa akafunsa za ndalama sakuchita mwano. Mu Okutobala 2025 Pulezidenti Peter Mutharika analengezanso za sekondale yaulere kuyambira Januwale 2026. Sukulu ikasiya kutolera kwa makolo imatsala ndi gwero limodzi la ndalama, ndipo tsiku lomwe gwerolo lidzachedwe, mphunzitsi wamkulu adzafunika mneni wokhala ndi mwini kuposa kale, chifukwa "tithandizeni" sadzakhalaponso.

Za chifukwa chomwe kalata ija inalembedwera m'Chingerezi sinditaya nthawi yambiri. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko mu 1968. Lamulo la zamaphunziro la mu 2013 limati chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, koma likukamba za m'kalasi, ndipo agogo sali m'kalasi. Ena amati Chichewa chilibe mawu a zachuma. Apite pamsika wa Mbulumbudzi akamve mayi wogulitsa tomato akuwerengera mpamba, phindu, ngongole ndi kuluza, kapena akakhale nawo pa banki m'khonde akamve za masheya ndi chiongoladzanja. Mawu alipo, ndipo amayi amenewa sangalole msungichuma wawo kuimirira n'kungoti "ndalama zachepa". Amuuza kuti atsegule bokosi.

Chomwe chimandikhudza kwambiri ndi katundu amene Chingerezicho chimasenzetsa mwana. Kalata imayamba ndi "Dear Parent/Guardian", ndipo "gadiyani" m'Chichewa cha masiku ano ndi munthu wodikirira wodwala kuchipatala. Amene akutanthauzidwa ndi agogo, azakhali, amalume, ndipo m'boma lino, momwe bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV mu 2001 Edzi itasakaza mabanja, olera ana ambiri ndi okalamba. Ena pakhomo amayankhula Chiyao kapena Chilomwe, Chichewa n'kukhala chachiwiri, Chingerezi kutalitali. Mtsikana wa zaka 16 ndiye amaima pakati. Iye ndi wamthenga, ndi womasulira, ndiponso nkhaniyo ikukhudza iye mwini. Akatchula ndalama, pamakhala kakukayika koti mwina wawonjezerapo ya zitumbuwa. Akafunsidwa funso lomwe kalata sinayankhe, manyazi a sukulu amagwera iye. "Sanalembe, agogo" uja anamunena akuyang'ana pansi, ngati wolakwa ndi iye.

Kudzudzula n'kosavuta, ndiye ndinayesa kuilemba ndekha kalatayo. Inatuluka chonchi:

"Okondedwa makolo ndi onse olera ana, tikukupatsani moni. Talemba kuti tikudziwitseni zinthu zitatu. Choyamba, ndalama zoyendetsera sukulu zomwe timalandira kuchokera ku boma teremu ino ndi zakutizakuti; chaka chatha zinali zakutizakuti, ndipo mitengo ya choko, mapepala ndi zipangizo za mu labotale yakwera kwacha itachepetsedwa mphamvu. Chachiwiri, mphunzitsi wa Chemistry anasamutsidwira ku sukulu ina. Tapempha wina koma sitinapatsidwe tsiku. Choncho ife a sukulu taganiza zosiya kuphunzitsa Chemistry ku Fomu 3 chaka chino. Ngati mwana wanu akufuna ntchito yofuna phunziroli, bwerani tikambirane msanga. Chachitatu, komiti ikufuna kukweza ndalama ya chitukuko kufika pakutipakuti. Loweruka tidzakuwerengerani mmene ya chaka chatha inagwirira ntchito, ndipo inu mudzavomereza kapena kukana."

Mulibe mwano mmenemo, ndipo palibe amene walozedwa chala. Muli "taganiza" mmodzi, amene ndi wovuta kulemba chifukwa sukulu ikuvomera kuti pa zinthu zomwe inali nazo, yasankha yokha chodula. Ndikuvomereza kuti liwu loti "boma" likadali ndi vuto lake, popeza kwathu kuno boma ndi la ku Lilongwe, boma ndi dera lonse la Chiradzulu, bomanso ndi pamalo paja pali ofesi ya DC ndi chipatala. Agogo akanafunsabe kuti "boma lake liti?" Koma limenelo ndi funso lomwe mwana akanatha kubwerera nalo kusukulu n'kukapeza yankho.

Kalata yangayo ndinawaonetsa aphunzitsi aakulu aja teremu yotsatira. Anaiwerenga kawiri. Anati ndime yachitatu atha kuilemba mawa lomwe, yachiwiri mwina, koma yoyamba ayi, manambala a boma satuluka pa geti popanda chilolezo. Kenaka anandifunsa ngati mwana wathu akufunabe za unamwino, poti ankadziwa kuti maso ake anali pa sukulu ya anamwino ya St Joseph's ku Nguludi, ndipo sukulu za unamwino zimayang'ana maphunziro a sayansi. Ndinati akufunabe. Anapukusa mutu n'kunena kuti tikanabwera kale akanatilozera kwa mnzawo wa sukulu ina. Ndinawakumbutsa kuti anatiuza kuti yaima kaye.

Mwanayo analemba MSCE mu 2025, Chemistry sanalembe. Chichewa anakhoza bwino kwambiri. Tsiku lina ndikusanthula makope ake akale ndinapeza tsamba la misintho ya aneni, ndipo pansi pa mutu woti "wochitidwa m'chibisira" aphunzitsi anawauza kuti apeke ziganizo zawozawo zitatu. Iye analemba kuti: chingwe chaduka, madzi atayika, mphunzitsi sakupezeka. Zonse zitatu anamuchongera.